Kuchoka ku Joni kupita kutchuthi pa chilumba: yambani ndi za pobwerera

Novembala akangofika, mafoni amadzaza ndi zithunzi za mchenga woyera mbee ndi madzi oti munthu ukuona nsomba pansi. Abwana ayamba kutulutsa masutikesi, ana awo akuyesa zipewa, ife tikulandira makiyi ndi malangizo a kadyetsedwe ka agalu. Ine ndimagwira ntchito mu lesitilanti ina ku Rosebank, kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo kwa zaka zambiri ndinkangoti zilumba ndi za eni ndalama. Maganizowo anasintha nditakhala pansi n'kuwerengetsa zimene ndinawononga Disembala wina popita kumudzi: basi, katundu amene ndinatsogoza ndi transipota, thumba la feteleza kwa uyu, fizi kwa uyo, mowa wa anyamata pa sitolo. Ndalamazo zikanandifikitsa ku Zanzibar n'kubwerako. Sindikuti tisiye kupita kwathu, amayi atamva zimenezo angandikane. Koma kamodzi pa zaka zingapo munthu wogwira ntchito atha kukasambako nyanja ya mchere. Ndayendako maulendo angapo tsopano, ndipo dongosolo lake ndi ili.

Choyamba, pepala lobwerera nalo ku Joni

Anthu amayamba ndi kufunsa mtengo wa hotelo. Kwa ife obwera, funso loyamba ndi lakuti mukatuluka pa bwalo la ndege la OR Tambo adzakulolani kulowanso kodi? Chilumba sichivuta kulowa. Chovuta ndi khomo la dziko limene muli ntchito yanu, chipinda chanu cha lendi ndi sukulu ya ana.

Tsegulani pasipoti muone tsiku limene pemiti ikutha. Likhale patali ndi tsiku lobwerera, osati sabata imodzi. Ngati mwapereka mapepala ku VFS Global, kampani yolandira mapepala m'malo mwa Home Affairs, kuti pemiti iwonjezeredwe ndipo yankho silinabwere, dziwani kuti lisiti lija si pemiti. Musagule tikiti musanafunse a Home Affairs kapena loya wa za olowa ndi otuluka ngati mungatuluke bwinobwino. Malamulo a 2014 ndi owuma: amene masiku ake anapitirira, pamene akutuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dziko muno. Akapitiriza ndi masiku osaposa 30 amamuletsa kulowa kwa chaka chimodzi, akaposa 30 ndi zaka 5. Palibe chindapusa choti mulipire pabwalo la ndege nkhani n'kutha. Nawonso amene ali ndi pepala la asylum, la opempha kukhala ngati othawa kwawo, asayese n'komwe, chifukwa lamulo limati ukatuluka m'dziko popanda chilolezo cha nduna, pepalalo lafa. Amene amangolowa ndi masiku 30 amene pasipoti ya Malawi imapatsidwa pa boda adziwe kuti pobwera, wodinda ali ndi mphamvu yofunsa tikiti yopitira kwanu ndi chifukwa chimene mukubwerera.

Ngati mapepala anu sakulola kuwoloka malire, chilumba chilipo m'dziko momwe muno. Robben Island ili pafupi ndi Cape Town, ndege ndi maola awiri kuchoka ku Joni, kapena basi ya usiku wonse kuchokera pa Park Station. Boti limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway ku V&A Waterfront. Uko si kosambira. Ndi kumene Mandela anakhala zaka 18, kuyambira 1964 mpaka 1982, ndipo kuli kanyumba kamene Robert Sobukwe, mtsogoleri wa chipani cha PAC, ankasungidwa yekhayekha. Gulani tikiti masiku angapo zisanachitike, ndipo muikire tsiku loyamba la ulendo wanu, chifukwa mphepo ikakula boti silinyamuka. Mukaika tsiku lomaliza mudzabwera musanapondeko.

Pasipoti nayo ikhale ndi miyezi 6 kutsogolo kuchokera tsiku lobwerera, ndi masamba awiri kapena atatu opanda chidindo. Ife oyenda pa basi masamba amatithera msanga, chifukwa ulendo umodzi wa kumudzi umadya zidindo za Beitbridge, Nyamapanda, Zobue ndi Mwanza, kupita ndi kubwera. Ikakhala yotsala pang'ono, yambani za yatsopano ku ofesi ya kazembe wathu kuno ku Joni kapena ku Pretoria kudakali miyezi yambiri. Tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo. Opita ndi ana anyamule setifiketi ya kubadwa yolembedwa mayina a makolo, ndipo ngati kholo limodzi likutsala, lilembe kalata yovomereza n'kukaidinditsa ku polisi. Mwina sakufunsani, koma akakufunsani mulibe, ndege imapita.

Sankhani chilumba ndi pasipoti, osati ndi chithunzi

Pasipoti ya Malawi imatsegula zilumba zambiri za m'nyanja ya India kuposa mmene timaganizira.

Zanzibar ndiye poyambira pabwino. Ili m'dziko la Tanzania, kumene Mmalawi safunika viza, ndipo ndege yosaima pena ndi maola atatu ndi theka kuchokera pa OR Tambo. Chilumba chachikulu eni ake amachitcha Unguja, chinacho ndi Pemba. Chiswahili kwa ife sichivuta kutolako, mawu ambiri ndi apachibale, ndipo achimwene athu a ku Mangochi ndi Nkhotakota ozolowera za mzikiti amakhala ngati afika kwa amalume. Mugone masiku awiri mu Stone Town, mzinda wa tinjira topanikiza toti galimoto silowa, umene UNESCO inauika pa mndandanda wake mu 2000. Madzulo mukadye pa Forodhani pamene amaotcha nsomba ndi kufinya nzimbe. Koma musachoke musanalowe mu tchalitchi cha Anglican cha ku Mkunazini, chimene anachimanga pamalo pamene panali msika wa akapolo wotsekedwa mu 1873. Ine wa ku Nkhotakota ndinaima m'kachipinda kapansi kaja thupi langa lonse tsemwe. Anthu amene a Jumbe ankawolotsa nyanja yathu ankayendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, ena n'kudzafika pamenepa. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Mukatero ndiye mupite kugombe.

Mauritius ndi maola anayi, nayonso safuna viza kwa ife, koma pofika amafuna tikiti yobwerera, umboni wa kumene mukagone ndi ndalama zokwanira masiku anu. Muyezo wawo ndi madola 100 usiku uliwonse. Ubwino wake ndi wakuti magombe ndi a aliyense, ndiye mutha kuchita lendi kanyumba kodziphikira ku Flic en Flac kapena cha ku Grand Baie, n'kumasamba madzi omwewo amene akusamba a m'mahotelo akuluakulu. Mabasi ali ponseponse, magalimoto amayenda kumanzere ngati kuno, ndipo dholl puri wa m'mbali mwa msewu amakhutitsa pa ndalama yochepa. Phiri la Le Morne, kumene akapolo othawa ankabisala, ndi dothi la mitundu 7 la ku Chamarel zili mbali imodzi, mutha kuziona tsiku limodzi.

Seychelles ndi yokongola kuposa zonse zimene maso anga aona, komanso ndi yodula kuposa zonse. Ndi zilumba 115, koma alendo ambiri amayenda pa zitatu: Mahé pamene ndege imatera, Praslin pamene pali nkhalango ya Vallée de Mai ya migwalangwa yobala coco de mer, ndi La Digue kumene anthu amayenda pa njinga ngati kwathu. Kuchoka pa Mahé kupita Praslin ndi ola limodzi pa boti, Praslin kupita La Digue mphindi 15. Viza kulibe kwa aliyense, koma muyenera kupempha chilolezo pa intaneti musananyamuke.

Maldives amadinda masiku 30 pofika, kwaulere. Kale kunali kwa olemera okha, koma kuyambira 2009 eni dziko analoledwa kutsegula nyumba za alendo pa zilumba zokhala anthu, monga Maafushi, ndipo mitengo inatsika. Chodula ndi ndege, chifukwa nthawi zambiri mumazungulira ku Doha kapena ku Dubai. Ndi dziko la Chisilamu: mowa ndi nkhumba siziloledwa kulowa m'chikwama, pa zilumba za anthu wamba mowa sagulitsa, ndipo Lachisanu maboti a boma sayenda.

Pafupi kwambiri pali Mozambique, kumenenso sitifunika viza. Msewu wa N4 umakufikitsani pa boda ya Lebombo mpaka ku Maputo, ndipo kuchokera apo mumawoloka kupita ku Inhaca. Kumpoto kwake, moyang'anana ndi Vilankulo, kuli Bazaruto ndi Benguerra. Kugona pa zilumbazo ndi mtengo wa nyumba, choncho ambiri amagona ku Vilankulo n'kumapita masana pa boti. Palinso sitima zikuluzikulu zonyamuka ku Durban m'miyezi yotentha zimene zimakaima pa Portuguese Island pafupi ndi Inhaca. Kumbukirani kuti kukwera imeneyo ndi kutuluka m'dziko, za pemiti zija zikugwira ntchito chimodzimodzi.

Anzathu a pasipoti ya South Africa asakusokonezeni. Iwo amalowa ku Réunion popanda viza, ife ayi, chifukwa ndi gawo la France. Santorini ndi zilumba zina za Greece zimafuna viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, imene mumapempha kuno ngati pemiti yanu ikadali ndi miyezi itatu kupitirira tsiku lobwerera. Malipiro ake ndi mayuro 90 ndipo amafuna inshuwalansi yofika mayuro 30,000. Za ku Caribbean monga Barbados ndi Jamaica, chopinga ndi njira: ndege zambiri zimadzera ku London kapena ku America, uko amafuna viza ngakhale ukungosintha ndege.

Mwezi wake

Disembala ndi mwezi woipa kwambiri pa thumba. Sukulu zatseka, omanga nyumba atseka, Joni yense akufuna ndege yomweyo. Ndi nthawinso imene nyengo ya anamondwe yayamba kumwera kwa nyanja ya India. Imayambira Novembala mpaka Epulo, ndipo imavuta kwambiri Januwale mpaka Malichi. Mmalawi safunika kumufotokozera zimenezi. Freddy yemwe anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023 anali atadutsa kale kumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale, n'kumenya Madagascar, n'kukatera cha ku Vilankulo. Njira ya namondwe ndi yomweyo ya malo athu atchuthiwa. Choncho Mauritius ndi zilumba za Mozambique muziikire pakati pa Meyi ndi Novembala.

Ku Zanzibar mvula yaikulu, imene amaitcha masika, imagwa Malichi mpaka Meyi. Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma, nthawi yomwe kuno tikuzizidwa m'zipinda za malata. Seychelles ili kunja kwa njira ya anamondwe, ndipo nyanja imadekha mu Epulo, Meyi, Okutobala ndi Novembala. Maldives ndi yosiyana nazo, chilimwe chake ndi Disembala mpaka Epulo.

Lamulo la ntchito kuno limapereka masiku 21 otsatizana a tchuthi pa chaka, ngakhale kwa ogwira ntchito m'nyumba ndi m'dimba. Pemphani sabata imodzi kunja kwa nthawi ya tchuthi cha sukulu, mupemphe molemba, ndipo tikiti mugule abwana atayankha molembanso, ngakhale pa WhatsApp pomwe.

Ndalama

Tengani pepala mulembe ulendo wonse, osati ndege ndi bedi zokha. Muikepo sitima ya Gautrain kapena takisi yokufikitsani pa OR Tambo, galimoto yochoka pabwalo la ndege kukafika kogona (pa zilumba imeneyi imaluma, ndipo ku Maldives ndi boti), chakudya, maulendo a pamadzi, misonkho ya alendo imene mahotelo ena amalipiritsa padera usiku uliwonse, ndi ndalama yoti musaikhudze pokhapokha zitavuta. Lendi ya mwezi wobwerera ndi ya kumudzi ya mwezi umenewo muziike pambali musananyamuke. Palibe chowawa ngati kukhala pamchenga foni ikulira kuti chimanga chatha.

Ife tinachita chipereganyu cha anthu 6, aliyense mwezi wake, ndipo mwezi wanga utafika ndinagula tikiti tsiku lomwelo ndalama isanamere miyendo. Njira ina ndi kutsegula akaunti yapadera yopanda khadi. Chimene sindikulangizani ndi katapila. Tchuthi cha sabata imodzi chobweza chaka chonse si tchuthi.

Ndalama zakunja amagulitsa ku banki kapena ku malo osinthira ovomerezeka, masiku osaposa 60 ulendo usanachitike, ndipo amafuna pasipoti, pemiti, tikiti ndi umboni wa kumene mumakhala. Marandi a m'manja amene amalola kutuluka nawo ali ndi malire ake, funsani ku banki. Madola akhale atsopano, osang'ambika, chifukwa akale amawakana. Mukafika sinthani zina kukhala ndalama za komweko, mashilingi ku Zanzibar, marupi ku Mauritius ndi Seychelles, meticais ku Mozambique. Uzani banki yanu kuti mukutuluka kuti asatseke khadi, ndipo kamakina kakakufunsani kuti mulipire m'marandi kapena m'ndalama za komweko, sankhani za komweko. Kusintha kwa kamakinako kumadula.

Tikiti ndi kogona

Apa ndi pamene anthu amaberedwa. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumatuluka anthu olonjeza masiku 7 pa chilumba, ndege ndi chakudya chonse, pa mtengo wa basi ya ku Lilongwe, bola mutumize dipoziti lero. Mlongo wina wa ku tchalitchi kwathu ku Rosettenville anatumiza, ndipo nambala ija inazima sabata yomweyo. Gulani pa tsamba la kampani ya ndege yeniyeniyo kapena kwa wogulitsa maulendo amene ali membala wa ASATA, bungwe la ogulitsa maulendo kuno, ndipo umembalawo mukauone pa tsamba la bungwelo, osati pa chithunzi chimene iye wakutumizirani. Musalipire mu akaunti ya dzina la munthu. Akakupatsani nambala ya buking'i, ilowetseni nokha pa tsamba la ndege muone ngati dzina lanu likutuluka, lolembedwa ndendende ngati mu pasipoti.

Tikiti yotchipa kawirikawiri ilibe chikwama chachikulu, onani bwino. Ya kusintha ndege panjira ikhale tikiti imodzi kuchokera ku Joni mpaka kumapeto, kuti musafunike kutuluka kukatenga katundu m'dziko limene mulibe viza yake.

Posankha kogona werengani ndemanga zoipa za miyezi yaposachedwa, zabwino aliyense amalemba. Kenako yang'anani pa mapu kuti gombe lili mbali iti ya chilumba, ndipo apa ndiulule manyazi anga. Ine mwana wa kunyanja, wokulira m'bwato, ndinafika ku Paje kum'mawa kwa Zanzibar masana, ndinavula malaya n'kuthamangira kumadzi. Madzi kunalibe. Anali atathawa kutali koti munthu akuoneka ngati nyerere, amayi akungokolola ndere zimene amalima m'menemo. Nyanja yathu imatsika pa chaka. Ya mchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, kusinthana pafupifupi maola 6 aliwonse, ndipo zimanyanya mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa. Ofuna kusamba nthawi iliyonse apite kumpoto, ku Nungwi kapena Kendwa, kumene madzi sathawa kwambiri. Paje ndi Jambiani ndi kwa okonda bata ndi mphepo. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndithu.

Thupi

Tikakhalitsa ku Joni, kumene kulibe malungo, mphamvu ija imene thupi linali nayo polimbana nawo imatha. Ambiri sitikhulupirira, timati ndinakula nawo. Ana obadwira kuno ndiye alibiretu. Zanzibar, Mozambique, Madagascar ndi nyanja yathu yomwe kuli malungo. Mauritius, Seychelles ndi Maldives kulibe, ngakhale udzudzu wa matenda ena monga dengue ulipo. Pitani ku kiliniki ya apaulendo kapena kwa dokotala kudakali mwezi, akuuzeni mankhwala oteteza oyenera inu, makamaka amayi oyembekezera ndi ana. Mafuta othamangitsa udzudzu ndi neti musaziderere.

Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever limafunika ngati ndege yanu yaima maola oposa 12 m'dziko limene muli matendawa, monga ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, ndipo South Africa nayonso idzalifuna pobwera. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10, ndipo kuyambira 2016 kubayitsa kamodzi kumakwanira moyo wonse. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP, ma ARV, anyamule okwanira ndi owonjezera, m'mabotolo ake, m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya kuchipatala.

Inshuwalansi ya paulendo gulani, ndipo muone kuti ikulipira ndege yokuchotsani pa chilumba mutadwala kwambiri. Zanzibar kuyambira Okutobala 2024 inayamba kufuna inshuwalansi yakeyake kwa alendo, yogula pa intaneti ku Zanzibar Insurance Corporation, ngakhale muli ndi ina kale.

Sabata yomaliza ndi tsiku lonyamuka

Mafomu a pa intaneti ndiwo amagwetsa anthu pa kauntala. Seychelles ili ndi chilolezo chija, Mauritius ili ndi fomu yake ya alendo, Maldives ili ndi Imuga imene mumadzaza m'maola 96 omaliza. Dzazani pa masamba a boma okha, chifukwa pali ena ofanana nawo olipiritsa ndalama zambiri. Chilichonse sindikizani papepala: tikiti, buking'i, inshuwalansi, tsamba la pasipoti ndi la pemiti. Foni imatha moto pa nthawi yolakwika. Zithunzi za mapepalawo musiyirenso mbale wanu mmodzi kuno.

Fikani pa OR Tambo kudakali maola atatu. Ochokera ku Park Station kapena Rosebank pa Gautrain amasintha sitima ku Sandton. Ndipo abale anga, chizolowezi chathu chija cha "mundinyamulireko kaphukusi" chithere pa basi ya kumudzi. Pa ndege musanyamule cha munthu chimene simunalongedze nokha. Ku Mauritius ndi Maldives mlandu wa mankhwala ozunguza bongo ndi wa zaka zambiri m'ndende. Majumbo apulasitiki asiyeni, Tanzania inawaletsa mu 2019. Wotchi muisinthe mukatera: Zanzibar ili patsogolo ndi ola limodzi, Mauritius ndi Seychelles maola awiri, Maldives atatu.

Mwafika

Mtengo wa takisi ndi wa boti mugwirizane musanakwere, ndipo mufunse zimene zili m'kati mwake, chakudya, magalasi oonera pansi pa madzi, malipiro olowera m'malo otetezedwa. Anyamata a pagombe adzakutsatirani ndi maulendo otchipa. Ena ndi abwino, koma boti lopanda majekete oyandamitsa musakwere, ngakhale mutalipira kale. Amene sadziwa kusambira avale jekete popanda manyazi ndipo auze mwini boti. Ngakhale odziwa afunse eni dera kumene madzi amakoka, chifukwa pali malo amene amathamanga kubwerera kunyanja ngati mtsinje. Akakugwirani musalimbane nawo, sambirani cham'mbali motsata gombe. Valani nsapato za m'madzi, pansi pali tizilombo ta minga yaitali yothyokera m'phazi. Khungu lakuda nalo limapsa, ine mapewa anasupuka ngati mbatata yootcha.

Ku Zanzibar ndi ku Maldives zovala zosambira ndi za pagombe basi. M'tauni ndi m'midzi phimbani mapewa ndi mawondo. Chitenje chimodzi chimathetsa nkhani yonse, ndipo azimayi a kumeneko akachiona amayamba okha kucheza. M'mwezi wa Ramadan musadye poyera masana. Musajambule munthu musanapemphe. Zigoba ndi miyala ya pansi pa nyanja zisiyeni komweko, ndipo coco de mer amatuluka nayo ndi chiphaso chokha.

Nthawi zina wogwira ntchito pa hotelo adzayamba wakuyesani mnzake, kapena mlonda adzakufunsani kumene mukupita pamene azungu akungodutsa. Zimawawa, makamaka kwa ife amene chaka chonse timatumikira ena. Onetsani kiyi wa chipinda, khalani pa mpando wanu, itanitsani chimene mukufuna. Ndipo poti ntchitoyo tikuidziwa kulemera kwake, kanganyase kwa wokonza chipinda musaiwale.

Nanga zathu?

Pali njira yophatikiza ulendo wa kumudzi ndi tchuthi, ndipo ndimadabwa kuti Amalawi ambiri a kuno anafika ku Durban koma Likoma sakuidziwa. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zimene zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mumakwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda kuyambira 1951, pa Nkhata Bay kapena kuyambira ku Monkey Bay komwe. Imafika mpaka pa doko la Chilumba ku Karonga, limene dzina lokha ndilo chilumba. Tsiku ndi ola lake mufunse sabata yomweyo, ndipo musaike ndege yobwerera ku Joni tsiku lotsatira, Ilala siyendera wotchi ya munthu. Pa Likoma pali milambe ikuluikulu, magombe opanda phokoso, ndi tchalitchi cha St Peter pa Chipyela chimene anayamba kumanga mu 1903, cha mishoni yomweyo ya UMCA imene inamanga cha ku Mkunazini chija. Kumwera, pafupi ndi Cape Maclear, kuli Mumbo ndi Domwe m'kati mwa Lake Malawi National Park, kumene mbuna zamitundumitundu zimakuzungulirani m'madzi. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti mwera umavutitsa nyanja. Seputembala ndi Okutobala ndiye nthawi yake. Mukasamba m'madzi odekha a pafupi ndi midzi, kumbukirani likodzo.

Pobwera

Pa OR Tambo imani pa mzere wa alendo, mutsegule pasipoti pa tsamba la pemiti, ndipo wodinda akakubwezerani musachoke musanawerenge chidindo. Nthawi zina mwachangu amatha kukulembani masiku 30 a mlendo wamba pamene muli ndi pemiti ya ntchito. Kukonza pomwepo ndi mphindi ziwiri, kukonza pambuyo pake ndi miyezi. Ndalama zakunja zotsala muzigulitse ku banki pasanathe masiku 30. Mankhwala oteteza malungo amalizeni monga anakuuzirani, ena amapitirira sabata imodzi, ena masabata anayi mutabwera. Thupi likatentha m'masabata otsatira, inu kapena mwana, musati ndi chimfine cha Joni. Pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo nesi asanafunse n'komwe muuzeni kumene munali ndi tsiku limene munabwera, mupemphe kuti akuyezeni malungo, chifukwa kuno saganizira msanga za matendawa. Amene munasamba ku nyanja yathu mukayezetsenso likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale simukumva kupweteka paliponse.